Mbatata ya Uchi ndi Mchere

Magdalene adali atawerama pa mulu wa mbatata mumsika wa Limbe, akusankha yosafumbwa, pamene adamva wina akumuitana dzina pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi amene wapeza mwana wolakwa. Udali mwezi wa Julaye, chaka cha 1958, ndipo chiperoni chidali chitakuta phiri la Mpingwe kwa masiku atatu.

Womuitanayo adali Constance, msuweni wake wa Ellard. Adavala juzi yoluka yabuluu ndi nsapato zosongoka, ambulera ili m'manja. Magdalene adamuona kawiri kokha chiyambireni chibwenzi chake ndi Ellard, kalaliki wa ku positi ofesi, ndipo maulendo onse awiriwo Constance ankamutchula Ellard kuti "amuna anga" monga amachitira asuweni, koma iye ankanena osaseka.

"Mukugula inanso?" adafunsa Constance, akuloza mbatata ndi nsonga ya ambulera. "Amuna anga n'kuchira komwe sanachiritsitse."

"Ali bwanji a Ellard? Sabata zitatu tsopano palibe wondiuza kanthu."

"Akanakuuzani ndani? Kwanu kuno timakudziwa ife?" Adatulutsa envulopu m'chikwama naigwira ndi zala ziwiri. "Ndangotumidwa ndi azakhali, mayi awo a Ellard. Mwa ine ndekha sindikanabwera."

Magdalene adapukuta manja pa nsalu, nang'amba envulopuyo.

*Wokondedwa Magdalene,*
*Malungo atha, ndayamba kutuluka panja. Mayi akufuna ubwere Loweruka udzaphike mbatata ija iwo akuona. Ubwere ndi zonse zimene umathiramo, usasiye ngakhale chimodzi. Ukatero nkhani itha, ndipo amalume apita kukaonana ndi akwanu monga tidapangana. Usaope.*
*Ndine,*
*Ellard.*

Adaiwerenga kawiri. Makalata onse a m'mbuyomo ankatha ndi mawu akuti "Ndine wako mpaka kumanda." Iyi idangoti "Ndine," kenako dzina.

"Nkhani yake iti imene ithe?"

"Simukudziwa? Ndirande yense akudziwa." Constance adasendera pafupi koma mawu sadatsitse, moti amayi ogulitsa adaleka kuitanira malonda. "Masiku anayi munthu akuphupha ndi malungo, phala la mayi ake omubereka akulilavula. Pakamwa pake mawu amodzi okha, mbatata ya Magdalene, mbatata ya Magdalene. Mnyamata wophunzira, wovala taye, kulirira mbatata ngati khanda. Azakhali pofunsa kuti mbatata yake ndi yotani, n'kumva kuti ndi yauchi, yamchere, yatsabola, yonata ngati ulimbo. Inu, zinayamba liti zothira mchere ndi uchi pamodzi? Munthu amatero akafuna kubisa kuwawa kwa muzu."

"Ndiye mukuti ndinawadyetsa kondaine."

"Mwanena ndinu. Ine ndangoti Anguru mumaidziwa mitengo."

Magdalene adamva nkhope yake ikutentha ngakhale kunja kudali kuzizira. Adapinda kalatayo kanayi naiika pachifuwa.

"Kawauzeni amayi kuti Loweruka ndifika."

* * *

Bambo ake, a Vitalis, adali khukhi kwa mzungu wina wa fodya kutsinde kwa Mpingwe, ndipo awiriwo ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Masana amenewo adawapeza ali pakhomo, akunola mipeni pamwala. Adamvetsera kalata yonse osadzutsa mutu.

"Usapiteko."

"Ndikapanda kupita ati ndathawa."

"Ukapita ati wabisa. Anthu amenewa ndimawadziwa ine, ndawaphikira pa maukwati awo. Ndinalowa m'dziko muno ndili kumsana kwa amayi, tikuthawa chibalo kwa Apwitikizi. Imvi zandimerera muno, amayi ako ndinawaika ku Bangwe, koma mpaka lero ndikadali Mnguru. Ndiye iwe ukuti usinthe zimenezo ndi mphika umodzi?"

"Si iwo amene ndikuwafuna, bambo. Ndikufuna a Ellard."

A Vitalis adayesa mpeni pa chikhadabo. "Iyeyo wanena chiyani? M'kalatamo sindinamve pamene walemba kuti mayi ake akulakwitsa."

Magdalene adapindanso kalata ija. Adakumbukira Loweruka lija ku bwalo la mpira ku Chichiri, pamene adatsegula kachitini ka mbatata imene adaphika, Ellard n'kutola chidutswa chimodzi, n'kuiwala kuti kutsogolo kwake kukuseweredwa mpira. Adamufunsa kumene adaphunzira kaphikidwe kotere. Iye adamuuza kuti agogo ake aakazi adakaona m'khitchini ya Mpwitikizi wina ku Kilimane, ndipo powoloka malire adalibe china chimene adanyamula kupatula kaphikidwe kameneka ndi mwana kumsana. Ellard adanyambita zala, nanena kuti mkazi wophika chonchi sangamulole kukwera basi yobwerera kwawo. Tsiku limenelo onse adaseka. Tsopano mawu omwewo akadanenedwa pamaso pa mayi ake, akadasanduka umboni.

Lachisanu, dzuwa lisanalowe, a Vitalis adamuika m'manja botolo la uchi wa ku Mulanje.

"Poti waumirira, kaphike bwino. Usakapsereze, angakanene kuti kudako ndi mankhwala. Uchi ukauthira usachokepo, ngakhale akuitane ndani. Ndipo ukayambe kulawa ndiwe, iwo akuona."

* * *

Loweruka adakwera basi ya m'mawa mpaka ku Blantyre, kenako adayenda wapansi kupita ku Ndirande, dengu lili pamutu. Nyumba ya kwawo kwa Ellard idali ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo banjalo lidali la ku Mishoni kuyambira agogo awo. Pakhonde padakhala a Peterson, malume ake a Ellard, amenenso adali bambo ake a Constance. Adali mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo adayenera kudzakhala nkhoswe. Pambali pawo padali Ellard, atavala chikhoto, ataonda kotero kuti khosi linkasambira m'kolala ya malaya. Atamuona Magdalene adayamba kudzuka. Mayi ake adamuyang'ana, iye adakhalanso pansi.

Mayi akewo, Mayi Lines, sadayale mkeka. Magdalene adatula dengu, nagwada pa dothi lonyowa, napereka moni.

"Tadzuka," adayankha mayiwo. "Yalani zanuzo apa tione."

Adaziyala palichero: botolo la uchi, mandimu awiri, adyo, kachidutswa ka jinja, tsabola wa kambuzi atatu, mafuta a mtedza m'kabotolo ndi mchere m'kapepala. Mayi Lines adanyamula chimodzichimodzi, kununkhiza, kuyang'anitsitsa, kubweza. Atafika pa jinja adaima.

"Nanga muzu uwu?"

"Ndi jinja, amayi. Amwenye amagulitsa ku Limbe, amathira mu tiyi."

"Muzu ndi muzu basi," adatero Constance, amene adatsamira pa chitseko cha khitchini atapinda manja.

Magdalene adabenthula jinjayo, natafuna, nameza. Mayi Lines adamuyang'ana pakhosi mpaka adatsimikiza kuti wamezadi.

"Mbatata yanuyo ikhale m'dengu momwemo. Muphika yathu, ya m'munda mwathu. Mpeni wathu, mphika wathu, moto wathu. Ndipo muphikira panja pano, osati m'kati."

Adamupatsa mphika wachitsulo wa miyendo itatu, umene ankaphikira zigumu. Magdalene adatsuka mbatata kawiri, naiumitsa ndi kansalu, chifukwa yonyowa imaphikika m'malo mootcheka. Sadaisende. Adaidula m'litali, zidutswa zonenepa ngati zala ziwiri, zonse zofanana kuti zipse nthawi imodzi. Adazipaka mafuta ndi manja mpaka chilichonse chidang'anima. Kumpanda kudali kutafika kale amayi anayi oyandikana nawo nyumba, ena ana ali kumsana, osabisa n'komwe kuti abwera kudzaonerera.

Atatambasula dzanja kuti atape mchere, Mayi Lines adamugwira pamkono.

"Mchere ndithira ndine."

Kumpanda kuja wina adaseka chamumtima, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Magdalene adamva bwino lomwe chimene chidanenedwa. Mkazi amene amaletsedwa kuthira mchere m'chakudya cha wodwala ndi uja amene anthu akukayikira mayendedwe ake. Adaponya maso kukhonde. Ellard adali kuyang'ana nsapato zake.

"Thirani, amayi," adatero ndi mawu otsika. "Wotapa ndi zala zitatu, kawiri."

Adayala zidutswazo mumphika mosasanjikiza, navundikira, naika makala pansi ndi ena pamwamba pa chivundikiro. Kenako adatembenukira ku msuzi wake. Adasinja adyo, jinja ndi tsabola m'kamtondo mpaka zidasalala, nafinyira mandimu m'kasefuliya akuchotsa njere ndi nsonga ya mpeni. Adathira uchi masipuni anayi, akuwerenga mokweza kuti onse amve, Mayi Lines nathiranso mchere wina. Adateleka pamoto wochepa, natakasa mosalekeza. Msuziwo udayamba thovu laling'ono, nufiirira, nuyamba kumata kumsana kwa sipuni. Fungo lake lidadzaza bwalo lonse. Mwana wina kumpanda adayamba kulirira, mayi ake n'kumutseka pakamwa.

Atabaya mbatata ndi kamtengo napeza kuti yatsala pang'ono kufewa, adatembenuza zidutswa zonse, nathira msuzi uja mozungulira, nagwedeza mphika kuti ufike paliponse. Adavundikiranso, nabweza makala apamwamba okha. Apa ndiye padali povuta. Uchi umafuna kanthawi kochepa kuti ugwire, ndipo ukangopitirira pang'ono umada ndi kuwawa.

Nthawi yomweyo a Peterson adakhosomola pakhonde.

"Mtsikana, tabwera kuno. Ndikufunse za mpingo wako."

Magdalene adayang'ana mphika, nayang'ana khonde.

"Pepani, bambo, ndiyankhire pompano. Uchi ungapserere."



"Mwamva, achimwene?" adatero Mayi Lines. "Mukuitana inu, iye akuyankhira pamoto. Ndiye akadzalowa m'banja muno?"

"Musiyeni," adatero a Peterson. "Funso langa ndi lalifupi. Ukadzakwatiwa, za Chikatolikazo udzazisiya?"

"Tinagwirizana ndi a Ellard kuti zimenezo tidzakambirana pamodzi ndi ankhoswe."

"Ellard, n'zoona?"

"N'zoona, amalume," adayankha Ellard. Ndiwo mawu oyamba amene adatuluka m'kamwa mwake tsiku limenelo, ndipo adamveka ngati a munthu wovomera mlandu.

* * *

Mbatata idatuluka bwino kuposa masiku onse. Idali yofiirira, yong'anima, m'mbali mwake mutauma pang'ono, msuzi utamata osadontha. Magdalene adaipakulira m'mbale yaenamelo, nagwada pakati pa bwalo, natola chidutswa chimodzi. Adadya chonse, khungu lomwe, onse akumuyang'ana. Kenako adadyanso china chochokera mbali ina ya mbale.

A Peterson ndiwo adatsatira. Adatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga la khonde. Adatolanso chachiwiri.

"Bambo," adatero Constance.

"Ndikufufuza, mwanawe. Umboni sutha ndi chidutswa chimodzi."

Amayi akumpanda adaseka, ndipo kwa kanthawi kochepa Magdalene adaona ngati mtambo ukuyera. Adasendeza mbale kwa Mayi Lines. Mayiwo adabenthula kachidutswa, nanunkhiza, nadya. Nkhope yawo sidasinthe. Adapukuta zala pa nsalu pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Ilibe kanthu," adatero. "Ndaona ndi maso anga kuyambira potsuka mpaka popakula."

Magdalene adatulutsa mpweya umene adausunga kuyambira m'mawa.

"Ya lero ilibe kanthu," adaonjeza mayiwo. "Ya ku Chichiri ija ine kunalibe."

"Amayi, ndi yomweyi. Palibe chimene ndasiya."

"Mukanabwera nacho pano, ine ndikuona? Simuli wopusa inu, ndakuonani manja anu."

 Padatsala munthu mmodzi yekha amene akadathetsa nkhaniyo. Magdalene adanyamula mbale ndi manja awiri, nayenda chogwada mpaka pakhonde, naiika pamaso pa Ellard.

"Idyani, a Ellard. Mchere athira ndi mayi anu."

Ellard adaiyang'ana mbatatayo. Adameza malovu, ndipo aliyense adaona. Dzanja lake lidachoka pabondo, n'kuyamba kutambasuka.

"Taonani mmene akuiyang'anira," adatero Constance chapansipansi. "Ngati munthu wa kachasu ataona botolo."

Dzanja lija lidaima m'malere. Lidakhala pomwepo kanthawi, kenako lidabwerera pabondo.

"M'mimba simunakhazikike," adatero Ellard. "Mwina tsiku lina."

Magdalene adakhalabe chogwada, mbale ili pakati pawo, nthunzi ikuchepa. Palibe amene adamuuza kuti adzuke. Potsiriza adadzuka yekha, natsuka mphika wa eni ake, kasefuliya ndi kamtondo, naziyedzeka pathandala kuti ziume. Adalongedza dengu lake, natsanzika kwa a Peterson ndi kwa Mayi Lines monga mwa mwambo, natuluka. Amayi akumpanda adapatuka kwambiri kuposa mmene njira inkafunira, wina nakokera mwana wake kumbuyo.

* * *

Ellard adamupeza atatsala pang'ono kufika pamsewu waukulu. Ankapuma movutika, ndipo adayenera kugwira mtengo wa bulugamu asanayankhule. Mvula yowaza idali itayambiranso.

"Magdalene, taima. Undimvere kaye."

Adaima, koma dengu sadatule.

"Chidutswa chimodzi, a Ellard. Ndinangofuna chimodzi chokha."

"Sindikanatha. Anandiletsa."

"Ndani? Adokotala?"

Ellard adayang'ana uku ndi uku. "Usauze munthu, mayi angachotsedwe ku Mvano. Malungo atangotsika ananditengera kwa munthu wina ku Lunzu. Amalume sakudziwa, akuganiza kuti tinapita kukaona odwala. Munthuyo anandimwetsa zosanzitsa. Ndinasanza tsiku lathunthu. Anati ndisadzadyenso chochokera m'manja mwako, ndipo pakutha masiku asanu ndi awiri dzina lako lidzakhala ngati la munthu wongodutsa mumsewu."

"Ndipo munamwa."

"Ndinamwa kuti ndiwaonetse mayi kuti palibe chimene chisinthe."

"Nanga chasintha?"

"Lero ndi tsiku lakhumi. Utangotulukira pampanda paja ndi dengu pamutu, mtima wanga unagunda ngati kale. Kuposa kale. Pamene mayi anakugwira dzanja ndinafuna kudzuka, kugubuduza mphika, kukutenga tizipita. Ine sindinayambe ndaganizapo zotere pa mayi anga. N'chifukwa chake ndikuopa."

"Mukuopa chifukwa mumandikonda?"

"Ndikuopa chifukwa sindikudziwa ngati wokukondayo ndine."

Magdalene adatula dengu pansi. 

"Ndiye mukanandiiwala, mukanati mankhwala a ku Lunzu achotsa anga. Poti simunandiiwale, mukuti anga ndi aukali. Tandiuzani, a Ellard, ndiphike chiyani kuti ndipulumuke?"

Ellard adapisa m'thumba la chikhoto natulutsa pepala lopindidwa, lokhala ndi chidindo.

"Amalume anandilembetsa kalata yopempha kuti andisamutsire ku Sozibele. Poti positi ndi ya Chitaganya, sizinavute. Yankho labwera dzana. Sitima ndi ya Lachisanu, kukwerera ku Limbe. Ati ndikakhale kutali chaka chimodzi, mwina mphamvu yake idzatha yokha. Constance nayenso akukayamba maphunziro a unamwino komweko. Tikwera limodzi."

"Ndiye zonsezi zinali zitakonzedwa kale, ine ndisanayatse moto."

"Ayi, pali njira. Ndi imene ndakuthamangira." Adasendera pafupi, mawu ake akuthamanga. "Mayi ati ukavomera pamaso pa amalume ndi akulu awiri a mpingo kuti unathira kanthu, n'kupepesa, iwo akukhululukira monga Akhristu. Akupempherera, nkhani ithere pomwepo, ine ndibweze kalatayi. Ati pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ngati ndidzakufunabe, sadzatsekanso njira. Analumbira atagwira Baibulo."

"Ndivomere kuti ndine wamankhwala."

"Ndi mawu chabe, Magdalene."

"Mawu amene Ndirande yense adzamva lisanalowe dzuwa. Adzafika ku Limbe, adzafika kutchalitchi kwathu, adzafika kwa dona wa bambo anga. Ndani amasunga khukhi amene mwana wake amathira mizu m'chakudya? Ndipo ana amene tidzabereke, anzawo adzawaletsa kudya kwathu."

"Tidzasamuka. Ungovomera, ngakhale sunachite."

Magdalene adamuyang'ana m'maso. Adali maso omwe aja, ofatsa, amene adamuchititsa kugula masitampa kawiri pa sabata pamene adalibe womulembera kalata.

"Mwati ngakhale sindinachite. Ndiye mukudziwa kuti sindinachite?"

Basi ya ku Limbe idatulukira pakona, ikuwaza matope. Kondakitala adali atatulutsa kale mutu pakhomo.

"A Ellard, ndakufunsani."

 Madzi a mvula ankatsika pamphumi pa Ellard, iye osawapukuta.

"Sindikudziwa," adatero. "Mulungu akuona, Magdalene, sindikudziwa. Koma usandilole kukwera sitima ija. Akulu a mpingo akumana Lachinayi masana. Ubwere."

Magdalene adasenza dengu lake yekha, ngakhale Ellard adatambasula manja kuti amuthandize. Adakwera, nakhala mbali ya kutali ndi zenera limene Ellard adaimako. Basi itayamba kuyenda adamva dzanja likumenya m'mbali mwake kawiri, ndi mawu akutchula Lachinayi. Sadacheuke, koma adapeza kuti zala zake zayamba kale kuwerenga masiku kuyambira Lamulungu, ndipo zidathera pa chala chachisanu, pa Lachinayi.